A Kalilu ndi Mitengo ya Alendo

A Kalilu sanakwerepo ndege, koma kwa zaka zingapo ankadya za ndege. Ntchito yawo pa loji ina ya ku Ngala inali yokumba maenje oti alendo adzalemo mitengo, yopepesera utsi umene ndege zawo zinasiya m'mwamba pobwera kuno.

Anabadwira m'tauni ya Nkhotakota, kufupi ndi mzikiti, m'nyumba ya telala wosoka mikanjo. Bambo awo anayesa kuwaphunzitsa makina, koma mkanjo woyamba umene a Kalilu anasoka unatuluka ndi mkono umodzi wautali kuposa unzake, ndipo mwini wake anauvala chomwecho kukaswali Lachisanu kuti aliyense aone. Atasinkhuka analowa m'nyanja, kupalasa bwato la eni. Tsiku lina mwera unawagudubuza pafupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Anasambira mpaka kumtunda, nakhala m'mbali mwa bango kudikira kuti mtima ubwerere m'malo, kenako anauyamba wapansi. Anzawo atawafunsa ngati adzapalasenso, anati nyanja yawayankha kale.

Anapita ku Dwangwa kukadula nzimbe, ndipo anadula mpaka msana unayamba kudandaula. Kumeneko anakumana ndi a Mwanahalima, amene ankagulitsa mpunga wophika ndi utaka kwa odula nzimbe. Atakwatirana anakamanga kwawo kwa mkazi, ku Ngala, nyumba ya njerwa zosawotcha yoyang'ana kum'mawa. Inali patali ndithu ndi madzi. A Mwanahalima akamapita kunyanja kukatsuka mbale ankayamba atsanzika.

Ana anabadwa, ena anatsogola kumanda, ena anapita kumabanja. Wotsala pakhomo anali Faruku, ndipo m'banja lonselo wokwerapo ndege ndi iye yekha. Anapita ku Joni pa basi opanda mapepala okwanira, anatsuka magalimoto miyezi ingapo, nabwezedwa pa ndege. Iye amati ulendo wobwerera unali wabwino kuposa wopita, chifukwa anampatsa nkhuku ndi mpunga, ndi kabuledi pambali.

Msana utakana nzimbe, a Kalilu analowa ntchito pa loji ija. Poyamba ankapala mchenga ndi reki m'mawa uliwonse, kuti alendo akadzuka aupeze ngati sunapondedwepo ndi munthu. Manijala wa lojiyo anali Percy, wa ku Dwangwa, munthu wophunzira za mahotela amene ankavala taye ngakhale mu Okutobala. Tsiku lina Percy anawaitanira kuseri kwa khichini.

"Madala, reki ija mupatse wina. Kuyambira lero inu mukhala a zachilengedwe."

"Zachilengedwe zake ziti, bwana?"

Percy anafotokoza. Ndege imatulutsa utsi. Utsi ukachuluka m'mwamba dziko limatentha, mvula nkusokonekera. Koma mtengo umamwa utsi. Ndiye mlendo aliyense amene mtima ukumuvuta adzalipira, adzadzala mtengo, mlandu wake nkutha.

"Utsi wa ku Ulaya ufika bwanji ku Ngala?" anafunsa a Kalilu.

"Mpweya ndi umodzi, madala. Ulibe malire."

"Suonetsa pasipoti?"

"Suonetsa."

A Kalilu anaganiza za Faruku. Anakatenga khasu.

Malo a mitengoyo anali kamtunda kuseri kwa mudzi, pamene kale panali munda wa chinangwa wa banja la a Lazaro, anansi awo. Mwini loji, mzungu amene nthawi zambiri ankakhala kunja, anatenga malowo pa lendi. A Lazaro anavomera msanga poti dothi linali litatopa kale. Mbuzi zawo zokha ndi zimene sizinauzidwe za panganolo.

Ntchito inkayenda motere. Mlendo akalembetsa, a Kalilu ankakwera kumtunda m'mawa kukakumba dzenje, kuthiramo manyowa, nkuimika mbande pambali. Dzuwa likapepuka mlendo ankafika atavala chipewa, kugwira khasu kuti ajambulidwe, kuika mbande m'dzenje, kuthira madzi a m'kheni, kujambulidwanso. Ena ankalankhula ndi mtengowo. Mayi wina analira. Kenako a Kalilu ankazika kachikwangwani ka dzina la mlendo, mlendoyo nkutsetsereka kukasamba m'manja. Yambiri inali keshya, mtengo wofulumira kukula, koma ofuna chinthu chaulemu ankadzala mbawa. A Kalilu amawerenga Chiarabu cha kumadarasa bwino kuposa zilembo za Chingerezi, choncho mayinawo ankawatchula mmene anawamvera: Kilausi, Mariki, Buraiyani, Ingiridi. Posakhalitsa mayina aja anachoka pa alendo nkukhala pa mitengo.

Alendo ambiri amabwera m'chilimwe, nthawi imene munthu wa ku Ngala sangadzale ngakhale tsabola. Madzi ankachokera kunyanja, m'zigubu, pa njinga yokankha, kukwera nayo mtunda.

"Buraiyani wamwa?" ankafunsa a Mwanahalima amuna awo akaweruka.

"Wamwa."

"Alhamdulillah. Mtsuko wa m'nyumba muno nawo tiufunire dzina la Chizungu, mwina ungadzaze."

Mdani wamkulu anali mbuzi za a Lazaro, ndipo zinkakonda kwambiri Ingiridi. Ingiridi anali mbawa imene anadzala mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma wochokera kudziko lozizira, amene ankapempha chithunzi cha mtengo wake pa Khirisimasi iliyonse. Mbuzi zinadya mbawayo kawiri. Kawiri konse a Kalilu anadzala ina pomwepo mwakachetechete, ndipo yachitatuyo anaitchingira ndi minga mpaka manja awo anatupa. Chaka china Percy anatumiza chithunzi cha mtengo wofupika kuposa wa chaka chinzake. Mayi aja anayankha kuti akumvetsa, nawonso ayamba kufupika.

A Kalilu ankaikhulupirira ntchito yawo. Sankamvetsa kuti utsiwo umalowera pati mu mtengo, poti masamba anali obiriwirabe, koma anali munthu woti akapatsidwa chinthu chosunga amasunga. Tsiku lina anapita kwa Percy ndi funso limene linkawavuta.

"Bwana, mwana wanga uja anakwerapo ndege. Mtengo wake adzala ndani?"

"Amene anamkweza, madala."

"Amenewo sabwera kuno."

A Kalilu anatenga mbande ya keshya yotsala, naidzala kumalire a munda, nalemba dzina la Faruku ndi khala pa kathabwa. Faruku anati ulendowo sanaupemphe, koma bambo ake anati utsi sufunsa zimenezo.

Nthawi ina mlendo wina ataona njinga yonyamula thumba la makala ikudutsa mumsewu, anauza a Kalilu kudzera mwa Percy kuti anthu a kuno akutha mitengo. A Kalilu anavomera, chifukwa zinali zoona. Thumbalo linkapita kukhichini ya loji, poti magetsi anali atazima ndipo mlendoyo anali ataitanitsa kampango wowotcha.

Nyanja inayamba kukwera mu 2023, ndipo chaka chotsatira inabwera ndi mtima wokhala. Sinabwere ndi phokoso ngati mtsinje wa Dwangwa, umene mvula yomweyo unakokolola nyumba za anthu. Inabwera pang'onopang'ono, ngati mkamwini wofuna malo. Inayamba yatenga mchenga wa pa loji, ndipo munthu amene anapatsidwa reki uja anauzidwa kuti apume kaye. Inatenga tizisakasa timene alendo ankagonamo masana, inatenga matandala oyanikapo usipa, inalowa m'minda chinangwa nkuola. Kenako inafika pabwalo pa a Kalilu. Kwa milungu ingapo a Mwanahalima ankatsuka mbale atakhala pakhomo penipeni, ndipo anati aka nkoyamba boma kapena Mulungu kuwabweretsera madzi pafupi. Masana ena, iwo akumwa tiyi pakhonde, khoma la kum'mawa linakhala pansi. Silinagwe mwaukali. Linangopinda ngati munthu wotopa.

Kusukulu kumene anthu ankathawira kunali kutadzaza kale. A Mwanahalima anakulunga mkeka, nasenza mtolo wa ziwiya, nayang'ana kumtunda.

"Mukupita kuti, mayi a Faruku?"

"Kumitengo yanu."

"Kumeneko nkoletsedwa."

"Akuletsa ndani?"

"Ine."

"Chabwino. Muziletsa mutasenza chitsekochi."

A Kalilu anasenza chitseko. Njira yonse ankafotokoza kuti nkoletsedwa, ndipo atacheuka anapeza mabanja ena ali pambuyo pawo ndi mitolo, akumvetsera mwaulemu.

Pofika kumapeto a sabatayo pa kamtunda paja panali mudzi wa mapepala apulasitiki ndi maneti a udzudzu, omangidwa kuchokera mtengo uwu kufika uwo. A Kalilu anasonkhanitsa anthu nkuika malamulo: osadula, osakhoma msomali pa mtengo, chingwe chizikhala cha nsalu kuti chisasupule khungwa, ndipo mbuzi zimangidwe kunja kwa mpanda. A Lazaro anamvera. Anamanga mbuzi zawo kunja kwa mpanda, ndi zingwe zazitali zofika mkati.

Poti panalibe misewu kapena manambala a nyumba, anthu anayamba kulozerana ndi zikwangwani. Munthu ukamfunsa kumene akukhala ankati pa Mariki, kuseri kwa Kilausi. A Kalilu ndi banja lawo anali pa Ingiridi, a Lazaro ndi akazi awo a Jenifa pa Buraiyani. Anthu a bungwe lina logawa ndowa ndi sopo atafunsa kuti aliyense ali pa ndani, analemba zimene anauzidwa, ndipo mkulu wawo anadabwa kuti ku Ngala kuli azungu ovutika ochuluka chonchi.

Percy anakwera mtunda atavula taye. Anaima pa chulu nkulengeza, ndi mawu a pa wailesi, kuti mwini loji waimba foni. Mitengoyi inalipiridwa, ndipo kampani ya kunja imene imawerengera utsi ikufuna kuti ikhale monga inalili. Aliyense achoke. Atatha kulengeza anatsika pachulu paja nkufunsa ngati pali malo otsala, chifukwa m'nyumba yake ya kuntchito namonso munali madzi. Anamupatsa mpata pakati pa Mariki ndi mtengo wina wa dzina losatchulika. Nthawi yotumiza zithunzi itakwana, Percy ankagona chagada patsinde pa mtengo uliwonse nkuloza foni m'mwamba, kuti m'chithunzi muoneke masamba ndi thambo basi.

A Kalilu miyezi imeneyo anaonda. M'mawa uliwonse ankazungulira munda kuyang'ana makungwa ndi nthambi, ndipo anthu amene anakula nawo limodzi ankasiya kucheza iwo akamafika. Zinkawapweteka. Zinkawapwetekanso akapeza bala la chikwanje pa mtengo umene anauthirira ndi msana wawo wodwala. Tsiku lina anapeza akazi awo akusonkhezera moto ndi nthambi youma imene anaizindikira. Lachisanu lake, swala itatha, anatsalira mumzikiti.

"Shehe, chinthu ukasungitsidwa, ndiye nthambi yake yagwa, nthambiyo ndi ya ndani?"

"Inagwa yokha?"

"Yokha, shehe. Koma mkazi wanga anali pafupi."

Shehe anasisita ndevu kwa kanthawi nati Allah ndiye akudziwa bwino, ndipo anafunsa ngati kumtundako kungapezeke malo a mlongo wawo.

Mvula inatha, nyanja osabwerera. Mu Juni mwera unayamba kung'amba mapepala aja, ana nkumatsokomola. Panafunika nyumba zenizeni, ndipo nyumba imafuna nsichi ndi phaso. Mitengo yogula inali kutali ndiponso yodula. Keshya wa alendo anali ataima pomwepo, wowongoka, wonenepa bwino saizi ya nsichi, ndipo amuna akamadutsa ankamuyeza ndi maso. A Kalilu anaona zimenezo. M'mawa wina ananola chikwanje nkupita kumalire kukadula Faruku, poti unali mtengo wokhawo umene sunali wa eni. Faruku mwini wake anausenza kubwera nawo. Unatulutsa nsichi imodzi yabwino ndi tinthambi ta nkhuni. Anaitsamiritsa pa chitseko chija, ndipo banja lonse linaiyang'ana. A Mwanahalima anati chiyambi chilipo.

Mu Julayi, zipinda zam'mwamba za loji zitatsegulidwanso, mayi Ingiridi eni ake anabwera kudzaona mtengo wawo. Percy anathamanga kutsogolo kukauza a Mwanahalima kuti achotse chingwe cha zovala. Iwo anati zovala sizinaume.

Mayi aja anafika akuyenda ndi ndodo, akupuma mwa befu. Anapeza mbawa yawo itawapitirira msinkhu, itamangidwa chingwe cha chitenje chong'amba, pansi pake pali mkeka wa makaka oyanika ndi ketulo. A Mwanahalima anawapatsa kampando, tiyi ndi chinangwa chophika. Kuchokera pamenepo munthu ankaona mudzi wakale uli m'madzi, madenga ndi nsonga za mango zitatulukira. Mayiwo anayang'ana kumeneko nthawi yaitali, kenako analankhula, nalankhulabe, maso atafiira.

"Akuti pepani," anamasulira Percy. "Akuti kwawo ndi kumene amawotcha mafuta ambiri, koma olipira ndinu."

"Zonse anena zija ndi zomwezo?" anafunsa a Mwanahalima.

"Zinazo akubwereza."

"Muwauze kuti zikomo, tamva," anatero a Kalilu. "Abwera pa chiyani?"

"Pa ndege, madala. Ziwiri."

"Ndiye mawa ndikumbe maenje angati?"

Percy sanafune kumasulira, koma mayiwo anaumirira. Atamva anaseka, kenako anasiya, chifukwa anaona kuti a Kalilu sakuseka. Iwo ankangofuna kudziwa, kuti akonzeretu manyowa.

Mayi Ingiridi anafunsa chimene angachite. A Mwanahalima sanadikire amuna awo.

"Atipatse mtengowu."

"Akuti tengani," anatero Percy. "Akuti dulani lero lomwe."

"Ayi," anatero a Kalilu.

Onse anawayang'ana.

"Iyi ndi mbawa, sinakhwime, nsichi yake ingapindike. Komanso ndinavutika nayo. Awiri oyamba anadyedwa, uyu ndi wachitatu."

Percy anatseka maso, koma anamasulirabe. Ndi mmene mayi Ingiridi anadziwira kuti mtengo umene anadzala ndi manja awo unatha kalekale. Anatembenuka kuyang'ana mbuzi zimene zinkadya chapafupi. A Lazaro, amene anali atabwera kudzapereka moni, anafuna kuthandiza.

"Ndi yamawanga iyo," anatero akuloza.

"Bambo a Faruku," anatero a Mwanahalima, "mwini wapereka, inu mukukana. Kodi mtengowu ndi wa ndani?"

A Kalilu anayang'ana m'kapu mwawo. Akazi awo anawaleka, natembenukira kwa Percy.

"Afunseni ngati akuwadziwa anzawo a keshyawa. Mwina nawo ali ndi mtima wopereka, ndipo yawoyo ndi yokhwima."

Mayi Ingiridi sankadziwa ndi mmodzi yemwe. Koma Percy anali ndi njira yowafikira onse, poti ndiye ankawatumizira zithunzi. Anakanda m'mutu nati mwini loji sakondwa nazo. Kenako anatulutsa foni nkujambula munda wonse ali chiimire, mapepala, maneti, ana, mbuzi ndi zovala zosauma zonse zili momwemo. Mawa lake iye ndi mayi aja anakhala pa loji kutumiza chithunzicho kwa mlendo aliyense, ndi funso limodzi: kodi mtengo wanu udulidwe kuti anthu amangire nyumba?

Kilausi anavomera tsiku lomwelo. Mariki anavomera, napempha kuti nyumbayo ikatha aionepo. Ena angapo anatsatira. Mayi wina anayankha kuti mwamuna wake, mwini mtengo, anamwalira, ndipo akupempha kuti mtengowo ukhale. Palibe anatsutsa. Buraiyani anakana. Anati iye analipirira utsi wake, ndipo za madzi osefukira ndi nkhani ya boma. Koma ambiri sanayankhe konse, ndipo pa amenewa panabuka mkangano. A Lazaro anati kukhala chete ndi kuvomera, ngakhale pa ukwati zimatero. A Kalilu anati munthu amene sanayankhe mwina akuganizabe. Anagwirizana kuti a chetewo angowasadza nthambi za phaso, thunthu likhale.

Kudula a Kalilu sanalole wina. Anadula okha, mtengo ndi mtengo, pamsinkhu wa bondo kuti chitsa chidzaphukire, ndipo pa uliwonse ankayamba ndi Bismillah ngati akuzinga mbuzi. Tsiku loyamba anabwerera kumsasa, nakana chakudya. A Mwanahalima sanawaseke. Anawatenthetsera madzi a msana nkuwasiya okha.

Nyumba zinamangidwa, za nsichi ndi dothi, zofolera udzu. Kilausi ndiye mzati wa nyumba ya a Kalilu. Buraiyani anapezeka kuti waima pamalo penipeni pamene a Jenifa ankafuna khichini, ndipo poti anakana, anamumangira mkati. Thunthu lake limatulukira padenga, ndipo mvula ikagwa madzi amatsikira m'thunthumo mpaka pansi. A Jenifa amatchera beseni. Amati mlendoyo sadya zambiri koma malo amatenga.

Chithunzi chija chinafikanso ku kampani yowerengera utsi, imene inafufuta munda wa ku Ngala m'kaundula wake. Mwini loji analankhula ndi Percy pa foni nthawi yaitali, Percy akungoti inde bwana. Za mitengo zinathera pomwepo. Malo anabwezedwa kwa a Lazaro, amene anauza mabanja aja kuti akhale, bola asadandaule za mbuzi. Percy anachoka pa loji mwezi wotsatira. Pano ali ndi kashopu ka mafoni ku Dwangwa, ndipo taye anabwerera nayo. Mayi Ingiridi anakwera basi ya ku Lilongwe osadzalanso mtengo wina, ngakhale a Kalilu anali atakumba kale maenje awiri. A Mwanahalima anadzalamo nthochi.

Ntchito itatha, a Kalilu anakhala milungu ingapo pakhonde, osadziwa chochita ndi m'mawa. Kenako anatolera machubu otsala ku nazale ya loji nkuyamba kufesa mango ndi mapapaya. Tsiku la msika amakwera minibasi ya ku Dwangwa ndi beseni la mbande pamiyendo, ndipo amakangana ndi kondakitala ngati beseni ndi munthu kapena katundu. Ogula ake ndi amayi a m'makomboni a kunzimbe, amene amangofunsa kuti mtengowo ubereka liti. Zimayenda pang'ono. Faruku amapalasa bwato la eni, ndipo bambo ake sapita kukamuona akamanyamuka.

Chaka chathachi nyanja inabwerera m'mbuyo pang'ono. Mabanja ena anatsika kukamanganso pamalo awo akale. Pamene panali nyumba ya a Kalilu panatsala khoma limodzi ndi simenti ya pansi, koma bwalo lonse nyanja inalisiya litadzaza mchenga woyera, madzi ali chapomwepo. Malo amene kale anali kumbuyo kwa mudzi anasanduka a m'mbali mwa nyanja.

Loweruka lina kunafika galimoto yaikulu ya ku Lilongwe. Munatsika bambo wina wovala kabudula, nafunsa mwini malo. Anthu anakawaitana a Kalilu ku nazale kwawo. Bamboyo anati akufuna kugula pamenepo amangepo kanyumba kopumulirako pa holide.

A Kalilu anamutengera pakhoma lotsala lija nkumuonetsa mzere wakuda umene madzi anasiya.

"Amafika apa, bwana. Pawindo."

"Zimenezo aona mainjiniya, madala. Inu mungonena ngati mukugulitsa. Tikamanga tidzafunanso mlonda wodziwa malo ano. Mungakhale inu nomwe."

A Kalilu anati ayambe afunsa kunyumba. Anakwera mtunda pang'onopang'ono, napeza akazi awo akupeta mpunga.

"Gulitsani," anatero a Mwanahalima atamva. "Nyanja inatenga malo amenewo osapempha. Uyu wayamba wapempha."

"Michombo ya ana athu inakwiriridwa pamenepo."

"Inapita kale ku Mozambiki ndi madzi. Ndiponso malowo ndi a kwathu, inu munangobwera ndi chikwanje cha nzimbe."

"Ndiye gamulani nokha."

"Ndagamula kale. Ndikungodikira kuti muvomere, anthu aziti munagamula ndinu."

Nkhaniyo ikadali pakhonde. Bambo wa ku Lilongwe uja amaimba pa foni ya Faruku mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zonse a Mwanahalima amayandikira kuti amve. A Kalilu amamupatsa moni, amamufunsa za ana ndi za msewu, kenako amamuuza kuti adikire mvula ithe kaye, tione ngati malowo adakali pamtunda.